Malekodi Amene Ndinapachika Kumunda

Chaka chimene mwana wathu woyamba anabadwa ndi chomwenso ndinachita chinthu chopusa kuposa zonse pa chikamwini changa, ndipo ndinachichita ndi mtima woyera, ndikudziyesa wanzeru. Ine kwathu ndi kumtunda, kufupi ndi Chipata. Ndinatsikira kuno kuchigwa kudzakonza njinga pamsika, ndinapeza mkazi ku Mnkhanya, basi ndinamanga nyumba pakhomo pa makolo ake monga mwambo unenera. Apongozi anga aamuna sanandikane, koma sanandilandirenso ndi manja awiri. Ankakonda kunena kuti anthu a kumtunda timadziwa zonse tisanafunse. Zinkandiwawa ndikamva zimenezo, ngakhale tsopano ndimavomera kuti za ine ankanena zoona.

Ndi apongozi aakazi tinkalemekezana mwa kutalikirana. Mkamwini sakhala pamphasa imodzi ndi amayi a mkazi wake, sawayang'ana m'maso, ndipo akakumana m'njira wina amapatuka. Mabanja ambiri anasiya kale zimenezi, koma pakhomo pathu zinali zolimba. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva zonse, ndiye mkazi wanga n'kubwereza ngati ndine wogontha. Zaka ziwiri zinatha choncho. Mawu awo ndinkawadziwa, zidendene zawo ndinkazidziwa, koma nkhope yawo ndinkangoiona mwakuba.

Mvula itangoyamba, mlamu wanga wa ku Lusaka anabwera kudzatenga bambo ake. Maso awo anali atachita ng'ala mpaka sankazindikira munthu asanalankhule, ndipo kuchipatala cha mumzinda anati zikhoza kutheka. Apongozi aakazi anapita nawo kukawasamalira. Munda wa chimanga wa kumtsinje, umene banja lonse limadalira, anausiya m'manja mwanga. Potsanzikana, apongozi aamuna anangoti tione ngati wa kumtunda angalimbane ndi njovu. Anaseka ponena zimenezo, koma ine sindinaseke.

Kuno timatchinga minda ndi mpanda wa tsabola. Timazika mitengo, kumanga zingwe, n'kupachika tinsanza tonyika mu oilo wakuda wa galimoto wosakaniza ndi tsabola wosinja. Njovu zimadana ndi fungo limenelo, ngakhale zina zanjala zimangopirira. Anthu amawonjezera zitini ndi mabotolo kuti zizilira ndi mphepo. Ine ndinkafuna mpanda woposa wa aliyense. Tsiku lina ndikufunafuna waya m'kanyumba kakale kosungiramo makasu, ndinapeza thiranki yachitsulo pakona, denga likudontha pamwamba pake penipeni. Mkati munali malekodi, aja ang'onoang'ono a nyimbo imodzi mbali iliyonse, ataphatikana ndi chuku chotuwa. Zikuto zawo zamapepala zinali zitasanduka phala. Galamafoni yake inali pambali, yadzimbiri, mavu atamangamo zisa.

Ndinamatula imodzi n'kuipukuta pa buluku. Inanyezimira. Inali kale ndi bowo pakati, lokwana bwino chingwe, ndipo awiri akagundana ankalira mokoma kuposa chitini. Ndinaona kuti Mulungu wandipatsa nzeru. Mkazi wanga anali m'chikuta, khanda lili ndi masiku ochepa, ndiye ndikhoza kunena kuti sindinafune kumuvutitsa ndi mafunso. Koma zoona zake n'zakuti kufunsa sikunandibwerere n'komwe m'mutu. Ndinanyamula onse pa njinga. Ambiri ndinawapachika mbali ya kumtsinje, pansi pa mitengo ya misikizi, poti njovu zimachokera kumeneko, ndipo otsalawo ndinawaika mbali ya kumadzulo, pambalambanda. Kuti ntchito ikhale yokwanira, ena ndinawapakanso oilo wa tsabola uja.

Anthu odutsa ankaima n'kuyang'ana, ine ndikuyesa akusirira. Njovu nazo zinabwera kudzayang'ana. Zinalowa kawiri, pomwepo pa malekodi, ndipo m'mawa mwake ndinapeza awiri atapondedwa m'matope. Chimanga chambiri chinapulumuka, koma osati chifukwa cha nzeru zanga.

Apongozi aakazi anabwerera okha mvula ikupita kumapeto, kuti adzakolole. Amuna awo anatsala ku Lusaka, diso limodzi litakonzedwa kale, akudikira kuti adokotala alionenso. M'mawa mwake anati akaone munda. Anatsogola iwo, mkazi wanga pakati atabereka mwana, ine m'mbuyo chapatali, ndikumwetulira ndekha podikira chiyamiko. Titafika pampanda anaima. Anaima nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza kuti aona njoka. Kenaka anavula chitenje chapamwamba, anachiyala pansi, n'kuyamba kumasula malekodi imodzi imodzi, osakoka, osathamanga. Sanakalipe.

"Uwafunse amuna akowo ngati alipo ena amene anapachika kwina," anauza mwana wawo.

Ndinayankha ndikuyang'ana phesi la chimanga kuti onse ndi omwewo. Mkazi wanga anali atagwira pakamwa.

Tili kunyumba ndi pamene anandiuza. Bambo ake anali ndi mng'ono wawo amene anapita ku migodi ali mnyamata. Ankaimba gitala m'kagulu kena kosatchuka, ndipo kamodzi kokha anajambula nyimbo pa lekodi, nyimbo ya m'Chikunda, chinenero cha kuchigwa kuno, chinthu chimene anthu a m'mudzi muno anali asanachimvepo. Anatumiza imodzi kwa mkulu wake. Patapita zaka zochepa anamwalira, n'kuikidwa komweko. Sanasiye mwana, sanasiye chithunzi. Chotsala chinali mawu ake pa lekodi ija basi. Thiranki inanyowa chaka chimene madzi osefukira analowa m'mudzi, galamafoni inafa, kenaka maso nawo anayamba kufa, ndiye mwini wake anangoti zikhale kaye. Koma malinga ndi zimene amayi ake anamuuza atangofika, tsiku limene anamasula nsalu ya padiso ku Lusaka, chinthu choyamba chimene mkulu uja ananena n'chakuti akafika kwawo akatsegula thiranki, n'kufunafuna pomvera mng'ono wake.

"Mwa zonse zili pakhomo pano, inu n'kukasankha zimenezo," anatero mkazi wanga. "Manje atate akapeza yafa, tidzakhala bwanji pano?"

Tinayala malekodi aja pamphasa. Onse analipo makumi atatu ndi anayi. Awiri anali zidutswa. Asanu ndi anayi a kumadzulo aja dzuwa linali litawapinda ngati chikopa cha mbuzi. Otsalawo anali owongoka, misikizi itawateteza, koma oilo, chuku, fumbi ndi zitosi za mbalame zinali zitadzaza timizere tawo tonse. Choipa kwambiri n'chakuti timapepala ta pakati, tolembedwa maina, tambiri tinali titapita ndi mvula. Panalibe amene akananena kuti ya malemu ndi iti, kaya ili mwa owongoka, kaya mwa opindika, kaya ndi imodzi mwa zidutswa zija. Apongozi aamuna ankayembekezeka kufika kukolola kukatha.

Ine, poti ndine wa kumtunda, nzeru zina zinandibwerera msanga. Ndinati tiwatsuke ndi parafini ndi burashi yochapira, oilo achoka tsiku limodzi. Apongozi anauza mwana wawo kuti parafini ndimusiye m'nyali, ndipo ngati ndikufuna kuthandiza ndipite ndikathyole thonje loyamba kuphulika, ndichotse njere zonse.

Mayi ameneyu anagwira ntchito yochapa ndi kusita kwa zaka zambiri pa loji ina yogona alendo odzaona nyama ku Chinzombo. Ochapa kumeneko ambiri ndi amuna, koma iwo anakhalitsa kuposa onse, chifukwa malaya a mlendo sanapsepo m'manja mwawo ngakhale ankasita ndi simbi yamakala. Galamafoni sankaidziwa mkati mwake, ndipo panalibe amene anawaphunzitsapo kutsuka lekodi. Chimene ankadziwa ndi dothi: la mtundu wanji limachoka ndi chiyani, ndipo chinthu chimene ladetsacho chingapirire zotani. Anayang'anitsitsa lekodi imodzi kwa nthawi, anaiyendetsa chala m'mphepete, anainunkhiza, kenaka anayamba kulamula.

Madzi a pamjigo anawakana. Anati ndi amchere, amasiya zoyera ngati za m'ketulo, ndipo zoyerazo zikauma m'timizere palibe angazichotse. Ankafuna a mvula, koma osati otsika padenga kapena pamtengo. Mvula inali itatsala yowerengeka, ndiye mitambo ikangoda tonse tinkathamanga kukaika mabeseni pabwalo, pamwamba pa mipando kuti matope asadumphiremo. Ankawasefa pansalu yoyera n'kuwasunga m'zigubu zotseka. Tinapeza zigubu zinayi mvula isanatsanzike, ndipo kuyambira pamenepo munthu akakhudza madzi amenewo ankaona zakuda.

M'mawa tinkakolola, masana dzuwa likapendeka tinkatsuka. Iwo ankakhala pamphasa pakhonde atayang'ana kukhoma, ine pakampando mapazi asanu kuchokera pamenepo nditayang'ana kukhola la nkhuku. Mkazi wanga ndiye ankayenda pakati. Akakhala pansi kuyamwitsa, tinkaika zinthu m'lichero n'kulikankha ndi ndodo, lichero kupita, lichero kubwera. Ntchito yanga inali kuchotsa njere m'thonje ndi kufunditsa madzi mpaka afike ngati osambitsira khanda. Ankawayesa ndi chigongono. Akangokankha beseni kubwerera kwa ine osalankhula, ndinkadziwa kuti ndatenthetsa.

Katsukidwe kawo ndikukakumbukira ngati ndinaona dzulo. Pamene panali kapepala kotsala pakati, ankavindikira mbali zonse ziwiri ndi zivindikiro za mabotolo a mafuta odzola, n'kuzipana ndi zala za dzanja lamanzere kuti madzi asafikepo. Ankadontheza sopo wamadzi wotsukira mbale, madontho awiri okha m'beseni lonse. Lekodi ankainyowetsa kaye n'kuisiya kuti dothi lifewe lokha. Kenaka ankatenga kathonje n'kuyendetsa mozungulira, kutsata timizere, osadutsa chopingasa ngakhale kamodzi, ndipo dzanja lawo linkapepuka ngati akupukuta diso la mwana. Kathonje kakada ankakataya n'kutenga kena. Madzi anali atatu: a sopo, otsukuluza, ndi omaliza amene ankangothira kuchokera m'kapu. Amene ndinapaka oilo aja ankabwerera m'sopo katatu kapena kanayi. Poyanika ankawatunga pabango lopingasa m'nyumba, pakati pa iliyonse n'kuika kachidutswa ka chitsononkho kuti asakhudzane, mazenera otseka chifukwa cha fumbi.

Patsiku ankatsuka atatu okha. Ine mtima unkathamanga, ndikuwerenga masiku, ndipo ndinatuma mkazi wanga kuti afunse ngati sitingawonjezere. Yankho linabwera lakuti yachinayi imatsukidwa ndi manja otopa, ndipo manja otopa ndi amene amakanda. Tsiku lina ndinacheukira m'lichero n'kuona lekodi youma, yakuda bii, timizere tonse tikuoneka kamodzi kamodzi ngati mizere ya munda wolimidwa bwino. Inali yokongola kuposa mmene ndinaipezera m'thiranki, mwinanso kuposa mmene mwini wake anaionera komaliza. Ndinachita manyazi, komanso ndinawasirira mayi amenewa kwambiri. Sanandinyozepo ngakhale mwa mwana wawo. Madzulo ankasoka timatumba tatsopano tosungiramo, kuchokera ku nsalu yakale yoyala pabedi, kalikonse kolingana ndi kanzake.

Owongoka onse atayera, panatsala funso lalikulu lija. Ochepa amene anali ndi maina tinawaika padera, panalibe ya malemu. Enawo anafunika kuwamva, koma galamafoni panalibe. Apongozi anakumbukira mmene ankasewerera ali atsikana: kupinda pepala ngati fanulo, kubaya munga wa mthethe kunsonga kwake, n'kuugunditsa pa lekodi ikuzungulira. Apa ndi pokha pamene nzeru zanga zinagwira ntchito. Ndinatenga habu ya gudumu la njinga, ndinaikhomera pathabwa, pamwamba n'kuikapo kathabwa kozungulira koyala nsalu. Ndinkazungulitsa ndi chala, mkono nditatambasula, nkhope nditatembenuzira kumbali. Mkazi wanga ankagwira pepala, amayi ake n'kuika khutu. Analamula kuti munga uzigunda poyambira pokha, kuzungulira kanayi kapena kasanu basi, chifukwa munga nawo umadya.

Mawu ankatuluka aang'ono ngati a udzudzu, ndipo chala changa chinkathamanga pena, pena n'kuchedwa, moti oimba onse ankamveka ngati aledzera. Koma iwo ankazindikira nyimbo iliyonse nthawi yomweyo. Ankangoti iyi tinavina pa ukwati wa auje, iyi atate ako ankaikonda akamwa, chotsa, ika ina. Tinamaliza owongoka onse osaipeza. Tinayamba opindika aja, amene anali atawatsukanso mosamala chimodzimodzi ngakhale ine ndinkati n'kutaya madzi. Munga unkakwera ndi kutsika pa iwo ngati bwato. Tinafika pa yachitatu. Apongozi anangokweza dzanja kuti ndiime, anaichotsa okha, anaiika pamiyendo pawo n'kukhala choncho. Mkazi wanga anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndi yomweyo.

Inalipo, sinali zidutswa, koma inali yopindika moti singano ya galamafoni sikanakhalapo. Masiku anali atatsala ochepa. Mkazi wanga, pofuna kunditeteza, anati tingonena kuti inapindikira m'thiranki momwemo chifukwa cha kutentha, poti ndani angatsutse. Ine ndinaona kuti ndi maganizo abwino kwambiri. Amayi ake anayankha ali chiyang'anire kukhoma.

"Uwauze kuti ine sindikanena. Koma atate ako akandifunsa sindibisa. Akanene okha."

M'mawa mwake anatsitsa mafulemu awiri a zithunzi pakhoma, cha ukwati wawo ndi cha kutchalitchi, n'kuchotsa magalasi ake. Anati chimene chapindika ndi kutentha chimawongoka ndi kutentha, koma pang'ono, ndipo chizizire chitapanikizidwa, monga kolala ya malaya. Sanayambe ndi ya malemu. Anatenga ina mwa yopindika ija, anaiika pakati pa magalasi, n'kuiyala pathebulo padzuwa la m'mawa, cha m'ma naini koloko. Wotchi analibe nayo ntchito. Ankayesa nthawi poimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi, milomo yokha ikuyenda. Yoyamba anaiimbira ndime zinayi: inawongoka bwino, koma timizere tinasungunuka, inangoti see ngati galasi lomwelo. Yachiwiri anaiimbira ndime imodzi, inatuluka mmene inalowera. Yachitatu inawongoka, koma anaichotsa isanazizire ndipo inabwerera. Tsiku lililonse imodzi, pa ola lomwelo, dzanja lili pagalasi kumva kutentha. Anaononga anayi kuti aphunzire. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi zinatuluka bwino, ndipo ndi pamene anati mawa ndi tsiku la lekodi ya malemu.

Tsiku limenelo kunacha kopanda mtambo. Anapukuta magalasi kawiri, anaika lekodi pakati, anakhala pansi n'kuyamba kuimba kwawo kosamveka. Ine ndinaima chapatali ndi thumba la mtedza, lopanikizira. Ndime ziwiri ndi theka zitatha anagwedeza mutu, tinanyamula thebulo lonse kulowa nalo m'nyumba, ndinaika thabwa pamwamba pa galasi kenaka thumba lija. Anati pakhale masiku anayi. Tsiku lachiwiri mtima unandikanika. Ndinalowa mwakachetechete, ndikuti ndingosuzumira pang'ono, ndipo dzanja langa linali litafika kale pathumba.

"Musakhudze!"

Anali apongozi, ataima pakhomo, akulankhula kwa ine mwini, mkazi wanga ali kumjigo. Tonse tinadzidzimuka. Iwo anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana pansi, kenaka aliyense anapita kwake. Nkhani imeneyi sitinaitchulepo mpaka lero.

Tsiku lachinayi anachotsa thumba okha. Lekodi inagona pagalasi yowongoka, kupatula kamalo kamodzi chapakati pamene panatsala kakhwinya kakang'ono, kooneka ukaiyang'ana cham'mbali. Anayendetsapo chala kangapo. Anati pamenepo sangapathe, ndipo akayesanso aononga zonse. Anaitsukanso komaliza ndi madzi otsala m'chigubu chachinayi, n'kuilowetsa m'kathumba kake.

Apongozi aamuna anafika patapita masiku asanu, atavala magalasi akuda, akutchula aliyense dzina asanalankhule. Anaona mdzukulu wawo koyamba, anaona nkhokwe yodzaza. Ndinadikira kuti alendo apite. Kenaka ndinabweretsa thiranki, imene ndinali nditaipala dzimbiri, ndinaiika patsogolo pawo, ndinakhala pansi chapatali n'kunena zonse: waya, mpanda, oilo, njovu, dzuwa. Sindinasiyeko kanthu, poti akazi awo anali pakhonde akusenda mtedza ndipo ndinkadziwa kuti akumva. Mkulu uja anavula magalasi. Anatulutsa malekodi imodzi imodzi, kuiyandikiza ku diso labwino lija, kuitembenuza, kuibweza. Atafika pa ya mng'ono wake, imene akazi awo anasokapo ulusi wofiira pakathumba, anaigwira ndi manja awiri. Anafunsa kuti watsuka ndani, ndinawauza. Anayang'ana kukhonde nthawi yaitali. Za ine anangoti alibe mawu mpaka ataimva. Masiku awiri otsatira sanandilankhule.

Ku Chinzombo kunali mnzawo wakale wa apongozi aamuna, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa alendo m'nkhalango, ndipo anali ndi galamafoni yamoyo yoyendera batire ya sola. Tinanyamuka m'mawa. Ine ndinakweza apongozi aamuna pakaliyala, ulendo wonse osalankhulana. Apongozi aakazi ankatitsatira pa njinga yawo, lekodi ataipana ndi makatoni awiri n'kuibereka kumsana ndi chitenje, ambulera itamangidwa kuti dzuwa lisaione. Mwini nyumba anatilonjera, anafunsa za maso, anafunsa za mvula, za njovu, ine ndikungoti zithe msanga. Kenaka anaphimbula galamafoni, anauzira singano, n'kuika.

Panamveka kuthetheka pang'ono, kenaka gitala, woyera ngati woimbayo ali m'chipinda chomwecho. Mawu anali a mnyamata, opepuka, okhala ngati akuseka. Chikunda changa chinali choperewera, koma ndinamva kuti akuimba za munthu amene mtsinje wadzaza ali kutsidya, ndipo akutuma uthenga kwa amayi ake. Apongozi aamuna anatseka maso amene anapita kukatsegulitsa kutali konse kuja. Milomo yawo inkatsatira. Akazi awo anakhala pansi pafupi ndi chitseko, manja pamiyendo, akuyang'ana singano yokha. Ine ndinkayang'ana kakhwinya kaja kakubwera.

Singano itafika pamenepo inagwedezeka kawiri, kachitatu inalumpha. Mzere umodzi wa nyimbo unasowa, mnyamata uja anangopezeka ali kale patsogolo. Kuchokera pamenepo inayenda bwino mpaka kumapeto. Mkulu uja anapukuta nkhope ndi chikhatho, anapempha kuti aibwereze. Inalumphanso pomwepo. Atamaliza kachiwiri anatembenukira kwa ine, ndipo kanali koyamba kundiyang'ana ndi diso loona.

"Mwamva pamene yalumpha, akamwini?"

Ndinati ndamva.

"Pamenepo ndi panu. Mwachotsa ndinu, ndiye muzibwezera ndinu."

Sindinamvetse msanga. Anaimba mzere wosowawo okha, ndi mawu okalamba osweka, n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndi mawu amene munthu wa kutsidya uja akuuza amayi ake kuti asamusungire chakudya, adye, iye abwera madzi akaphwa. Ndinabwereza, lilime langa la kumtunda likupunthwa, mwini nyumba n'kuseka mpaka kutsokomola. Anandibwerezetsa kasanu. Kenaka anati aike kachitatu, ndipo singano italumpha anakweza chala kuti mnzawo ainyamule, ine n'kuimba mzere wanga ndekha pakati pa chete, nyimbo n'kupitirira. Ndinaimba moipa, misozi ili m'maso. Apongozi aamuna anangogwedeza mutu n'kunena kuti pobwerera ndipalase pang'onopang'ono, aona mitengo ya m'njira.

Anakhala zaka zina zinayi, ndipo chaka chilichonse tikakolola tinkapita ku Chinzombo, ine kukaimba pamalo panga. Atamwalira, abale pogawa katundu anafunsa za lekodi ija, poti mwa mwambo inayenera kupita kwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo. Apongozi aakazi anayankha pamaso pa onse kuti aliyense woitenga atengenso mkamwini, chifukwa popanda iye nyimboyo ndi yosakwanira. Panalibe amene anandifuna, ndiye inatsala. Ili m'nyumba mwanga, ndipo mvula yomaliza ikamagwa ndine amene ndimaika mabeseni pabwalo.